Nthano Itafika m'Tauni: Mbiri ya Nkhani za Zodabwitsa m'Dziko Lathu

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, makamaka inu a ku Kanakantapa m'boma la Chongwe, phunziro lathu la lero ndi la mbiri yakale, koma si mbiri ya mafumu kapena ya nkhondo ai. Ndi mbiri ya nkhani za zinthu zimene sizinacitike: nyama zolankhula, anthu ouluka, maulendo a kumwezi, ndi atsikana amene m'mawa ali m'kalasi koma madzulo akupulumutsa mzinda wa Lusaka. Mwina wina afunsa kuti, "Nanga cinthu cosacitika cingakhale bwanji ndi mbiri?" Zoonadi, nkhanizo n'zopeka. Koma anthu amene anazikamba anali anthu enieni, zaka zimene anazikamba zidziwika, ndipo cimene cinawacititsa kuzikamba tingathe kucilondola monga mlenje alondola mapazi a nyama.

Alipo aphunzitsi ena, ndi makolo omwe, amene akapeza mwana akuwerenga buku la ziwanda kapena la makina a m'tsogolo amamulanda bukulo, nati, "Siya mabodza awa, tenga masamu." Masamu ngofunika, palibe angatsutse. Koma nthano ndi bodza ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo m'dziko lathu lino anthu anabvutikapo, ena kufa kumene, cifukwa cosatha kusiyanitsa ziwirizi. Tiyeni tiyambire kumudzi, kumene kusiyana kwake kunali kodziwika ngakhale kwa kamwana koyamba kumene kulankhula.

Kale, anthu atakolola ndi kulonga cimanga m'nkhokwe, madzulo a nyengo yozizira anali nthawi ya nthano. Masana nthano inali yoletsedwa, ndipo cifukwa cake n'cosabvuta kuciona: masana ndi a khasu, a mtondo ndi a mtsuko. Usiku ana ankasonkhana pamoto, kawirikawiri kwa ambuya ao, ndipo wokamba sankangoyamba cisawawa. Ankati, "Panangokhala," ana onse nayankha kuti, "Tiri tonse." Mau amenewa ndiwo khomo la nthano. Wokamba akutanthauza kuti tsopano tikulowa m'dziko lina, ndipo omvera akubvomera kulowa naye pamodzi. Ukalowa pa khomo limeneli, nyama zicita msonkhano, mtengo uimba, khanda lilankhula tsiku lomwe labadwa. Pothera pake panalinso khomo lotulukira. Wokamba ankauza ana kuti akaphule mbatata pamoto, iwo nayankha kuti yapserera, ndipo aliyense ankadziwa kuti tabwerera kwathu, kumene akalulu salankhula.

Taganizani za nthano ya citsime. Kunagwa cilala, nyama zonse zinapangana kukumba citsime, Kalulu yekha nakana. Madzi atatuluka, iye ndiye anali woyamba kufika ndi cikho, nanyenga alonda mmodzimmodzi ndi uci, mpaka Fulu anamugwira. Palibe mwana amene anapita kuchire m'mawa mwake kukafuna citsime cimeneco. Koma mwana aliyense ankadziwa kuti m'mudzi mwao muli munthu wina amene tsiku la nchito ya gulu amadwala mutu, tsiku la phwando n'kukhala patsogolo. Nthano inanena za munthuyo osamuchula dzina, motero mudzi unadzudzula ulesi popanda ndeu.

Mu 1907 mzungu wina dzina lake R. S. Rattray anasindikiza buku la nthano ndi nyimbo za Cinyanja zimene anazilemba ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. M'bukumo muli nthano ya Kacirambe, mwana amene mai wake anamulonjeza kwa fisi asanabadwe, koma iye atangobadwa anayamba kuyenda ndi kulankhula, napulumuka misampha yonse imene anamuchera. Ana amene mukonda ngwazi za pa kanema zokhala ndi mphamvu zoposa anthu, dziwani kuti makolo athu anali nazo ngwazi zotere asanaone kanema. Ndipo aphunzitsi taonani mantha amene ali pansi pa nthanoyi: mwana woperekedwa ndi yemwe anayenera kumuteteza. Cinthu cotere n'cobvuta kucinena poyera, koma m'nthano cinaneneka.

Tsono zinthu zinasintha. Njanji yocokera kum'mwera inafika pa Lusaka mu 1905, pamene panali kamudzi cabe ka mfumu Lusaaka, nifika ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1906. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 migodi ikuluikulu ya mkuwa inayamba kukumbidwa ku Luanshya, ku Nkana ndi ku Mufulira, ndipo mu 1935 Lusaka anakhala likulu la dziko m'malo mwa Livingstone. Msonkho wa boma la atsamunda unkafuna ndalama, ndipo ndalamazo zinali kutali. Anyamata a ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Lundazi anayenda pansi masabata athunthu kupita ku migodi, ku mapulazi a fodya a ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Johannesburg. M'makomboni mmene anafikira munalibe ambuya, munalibe bwalo, ndipo oyandikana nao anali a zilankhulo zina. Koma mantha analimo, oposa a kumudzi. Ndipo mantha akasowa nthano yoti alowemo, amadzifunira njira yao.

Njira imeneyo inali mbiri ya banyama. Inayamba kumveka kumpoto kwa dziko ca m'ma 1930, pakati pa anthu olankhula Cibemba, ndipo inatsika ndi apaulendo kufika ku migodi ndi ku Lusaka. Anthu ankati kuli Aafirika ena olembedwa nchito ndi azungu kuti azigwira anzao usiku, kuwacotsa magazi, kapena kuwasandutsa anthu opanda nzeru zao, ongomvera cabe. Ankati anthuwo ali ndi galimoto zao ndi mankhwala ao. Taonani kuti m'nkhani imeneyi mulibe fisi, mulibe mkango. Muli jekiseni, galimoto ndi malipiro a pamwezi. Ciwanda cakale cinali citalembedwa nchito m'tauni.

Kodi mbiri yotere inacokera kuti? Katswiri wina wa mbiri yakale, Luise White, anaifufuza m'buku lake la mu 2000 lochedwa Speaking with Vampires, nasonyeza kuti inakula pa zinthu zimene anthu ankaziona ndi maso. M'zaka zimenezo anchito a zaumoyo ankayenda m'midzi kutenga timagazi pofufuza matenda, monga kaodzera amene afalitsidwa ndi kashembe, ndipo kawirikawiri sankafotokoza cifukwa cake. Ku migodi munthu ankabvulidwa, kuyezedwa pa sikelo ndi kupimidwa asanalembedwe. Mnyamata wamphamvu ankacoka kumudzi, nabwerako patapita zaka atatha thupi, akutsokomola. Wina sanabwereko konse, ndipo kalata sinafike. Kunena kuti kuli anthu akumwa magazi athu sikunali koona, pakuti gulu la banyama kunalibe. Koma mauwo anafotokoza bwino lomwe cimene anthu ankamva mumtima, kuti mphamvu zao zikuthera kwa eni ake ena.

Bvuto lake linali limodzi, ndipo ndilo mutu wa phunziro lathu. Nkhani ya banyama inalibe khomo. Palibe amene ankaiyamba ndi "Panangokhala." Ankaiyamba ndi "Mwamva?" ndipo ankachula dzina la munthu weniweni, wokhala m'nyumba yakutiyakuti. Nthano ya Kalulu ikatha, ana amakagona. Mbiri ya banyama ikatha, amuna ankatola miyala ndi zibonga.

Ngakhale wailesi inalowa m'mabvuto amenewa. Kuulutsa mau kunayamba mu Lusaka mu 1941, nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, kuti anthu azimva za nkhondoyo ndi za asilikali ao. Mu 1949 kunabwera kawailesi kabuluu kochipa, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, ka mtengo wa mapaundi 5. Popeza kankaoneka ngati poto, kanachedwa Saucepan Special, ndipo amene analimbikira kuti kapangidwe anali Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani. Anthu zikwi zambiri anakagula. Koma mu 1952 ndi 1953, pamene atsamunda anali kukakamiza Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cimene Aafirika anacikana, mbiri ya banyama inabuka mwamphamvu mu Lusaka. Kunamvekanso kuti shuga wathiridwa mankhwala oletsa kubala. Aulutsi aciafirika a pa Central African Broadcasting Service, amene nchito yao inali kuwerenga nkhani za boma, anayamba kulozedwa zala kuti ndiwo banyama, ndipo ena anaopsezedwa. Peter Fraenkel, amene ankagwira nao nchito, analemba zimenezi m'buku lake la mu 1959 lochedwa Wayaleshi.

Musaganize kuti zotere zigwera Aafirika okha. Pa 30 Okutobala 1938, ku America, Orson Welles anaulutsa pa wailesi sewero locokera m'buku la H. G. Wells la mu 1898, The War of the Worlds, lonena za zolengedwa za ku Mars zobwera kudzalanda dziko lapansi. Analikonza kuti lizimveka ngati nkhani za mwadzidzidzi. Poyamba penipeni muulutsi ananena kuti ndi sewero, koma amene anatsegula wailesi mocedwa sanamve mau amenewo, ndipo ena anacita mantha, naimbira lamya apolisi. Manyuzipepala anaikulitsa nkhaniyi kuposa zimene zinacitikadi, komabe cimene cinawagwera amantha aja n'codziwika: anaphonya "Panangokhala" wa Cingerezi.

Ndipo tisati izi n'zakale. Mu 2017 mbiri ya anamapopa kum'mwera kwa Malawi, ku Mulanje ndi ku Phalombe, inaphetsa anthu ongoganiziridwa cabe. Kumayambiriro kwa 2020 kuno kwathu kunamveka za anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku. Zinayambira ku Chingola, nizifalikira m'dziko lonse, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa ndi makamu okwiya, mlandu wao usanafike pamaso pa woweruza aliyense. Masiku ano "Mwamva?" sayendanso pansi ngati anyamata a ku Petauke aja. Ayenda pa foni, ndipo cimene canenedwa ku Chingola m'mawa, ku Kanakantapa cafika nsima ya masana isanapse.

Koma wailesi yomweyo, imene inabvutika ndi mbiri yopanda khomo, ndiyo inabwezera nthano kwa anthu a m'tauni. Dziko litalandira ufulu, pa Radio Zambia panayamba pulogalamu ya Cinyanja yochedwa Poceza m'Madzulo, ya Julius Chongo, amene anabadwa mu 1943 namwalira mu 1995. Inamveka kuyambira m'zaka za m'ma 1960 kufikira m'zaka za m'ma 1970. Dzina lenilenilo la pulogalamu linali khomo: ukalimva, wadziwa kuti nchito yatha, ino ndi nthawi yoceza. Ana, kafunseni ambuya anu amene anakula m'zaka zimenezo mmene nyumba imodzi yokhala ndi wailesi inkadzazira ndi anansi. Chongo anali yekha pa colankhulira, koma womvera ankamva khamu la anthu. Nkhalamba, mwana, mai wolongolola, fisi wadyera, onse ankatuluka pakamwa pa munthu mmodzi.

Luso lake lalikulu linali pa mau aja amene Cinyanja ciri nao ambiri, mau ojambula cinthu m'khutu. Munthu wamba ati, "Kunali cete." Wodziwa kukamba ati, "Kunali zii." Munthu wamba ati mphika unagwa nusweka; wodziwa ati, "Mphika uja phwaa!" ndipo womvera adzidzimuka ngati zidutswa zamugwera pamwendo. Ngakhale buku la Chongo lichedwa Fumbi Khoboo!, dzina limene ukangolimva uona fumbi likukwera. Pa wailesi palibe nkhope, palibe manja, palibe moto. Mau otere ndiwo anatenga malo a zonsezi. Ndiponso Chongo sanasunge nthano ngati nkhwangwa yakale yopacika pakhoma. Pamodzi ndi nthano za makolo ankakamba nkhani zamakono, za anthu a kumudzi ndi a m'tauni, m'cilankhulo ca masiku ake, kotero kuti munthu wa ku Matero kapena ku Chilenje anadziona yekha m'nkhanimo monga ambuya ake anadzionera m'nthano ya citsime.

Mau a pa wailesi amapita ndi mphepo. Mwai wake, Ernst Wendland, mphunzitsi wa pa seminale ya Lutheran ku Chelston, pa mseu womwewu wa Great East umene mudzera popita ku Lusaka, anasonkhanitsa nkhani za Chongo, nazifufuza pa maphunziro ake apamwamba amene anatsiriza mu 1979, ndipo mu 2004 anasindikiza zina mwa izo m'Cinyanja ndi m'Cingerezi. Mphunzitsi amene angalipeze bukuli aliwerenge mokweza, pakuti silinalembedwere maso okha.

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono, tifike pa nkhani imene mpaka lero anthu sagwirizana ngati inali ndi khomo kapena ai. Ku maiko a azungu, makina ataculuka, kunabadwa mtundu wina wa nthano, umene zodabwitsa zake sizicokera ku matsenga koma ku sayansi. Mu 1865 Mfalansa Jules Verne analemba za anthu atatu oponyedwa kumwezi ndi mfuti yaikulu kucokera ku Florida. Owerenga anadziwa kuti n'zopeka. Koma mu 1961 Yuri Gagarin wa ku Soviet Union anazungulira dziko ali m'mlengalenga, ndipo mu Julaye 1969 anthu atatu ananyamukadi ku Florida komweko, awiri a iwo naponda pamwezi. Pakati pa zaka ziwirizi, Soviet Union ndi America akupikisana, kunaimirira mphunzitsi wa sayansi mu Lusaka, Edward Mukuka Nkoloso, nati Zambia adzawapitirira onse awiri.

Nkoloso anabadwa mu 1919. Anamenya nao nkhondo yaciwiri m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, ndipo atabwerako anaphunzitsa, nalowa ndale zomenyera ufulu, namangidwapo ndi atsamunda. Anayambitsa bungwe lake lochedwa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Mu 1964, caka ca ufulu, atolankhani a kunja anamupeza pa pulazi ina yosiyidwa, makilomita 11 kucokera mu Lusaka, akuphunzitsa anyamata angapo ndi mtsikana mmodzi, Matha Mwamba, kuyenda m'mlengalenga. Maphunziro ake anali otere: wophunzira ankalowa m'diramu ya mafuta ya malita 200, anzake naikunkhuniza pa citunda kuti azolowere kuzungulira, ankakwera pa katungwe kuti alawe kupepuka kwa thupi, ankaphunziranso kuyenda ndi manja. Combo cao, coumbika ngati diramu, ca aluminiyamu ndi mkuwa, anacicha D-Kalu 1 polemekeza Pulezidenti Kaunda. Anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, ndipo sanapatsidwe. Ananenanso kuti mwezi ukatheka, ku Mars adzatumizako mtsikanayo, amphaka awiri ndi mmishonale mmodzi.

Manyuzipepala a ku Ulaya ndi ku America anaseka mpaka misozi. Koma tacherani khutu ku cinthu cina cimene iye analemba. Anati mmishonaleyo wamucenjeza kuti akafika asakakamize anthu a ku Mars kulowa Cikhristu ngati iwo safuna. Munthu amene anakulira pansi pa atsamunda, amene sukulu yake inatsekedwa ndi boma lao, polemba zotere kodi sanali kuseka munthu wina? Namwali Serpell, mlembi wobadwira mu Lusaka, anafufuza moyo wake, nalemba m'magazini ya The New Yorker mu 2017 akusinkhasinkha funso lomweli. Ine ndiona kuti munthu mmodzi atha kulota ndi mtima wonse, uku akudziwa kuti loto lake likunyodola akuluakulu. Kalulu nayenso amaoneka wopusa kwa Njobvu mpaka tsiku lokokana cingwe. Cosakayikitsa n'cakuti Nkoloso sanali wamisala wa pamseu. Pambuyo pake anayang'anira Liberation Centre mu Lusaka, malo a omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe. Mu 1983 analandira digiri ya malamulo pa University of Zambia ali wacikulire kale. Ndipo anamwalira pa 4 Malichi 1989. Khomo likhalepo kapena lisakhalepo, nkhani yake inasiyana ndi ya banyama pa cinthu cimodzi cacikulu: cala cake cinaloza kumwamba, sicinaloze nyumba ya mnansi.

Combo ca D-Kalu sicinanyamuke, koma nkhani yake inanyamuka. Mu 2019 Namwali Serpell anasindikiza buku lalikulu lochedwa The Old Drift, lonena za mabanja atatu kuyambira masiku a atsamunda oyamba pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya mpaka m'tsogolo. Nkoloso ndi Matha alimo. Mulinso mkazi amene misozi yake siuma kwa zaka zambiri ali m'komboni ya Kalingalinga, tindeke ting'onoting'ono ta makina touluka ngati udzudzu, ndi gulu la udzudzu limene limalowerera pakati pa nkhani monga ana oyankha kuti "Tiri tonse." Mu 2020 bukuli linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke ku Britain, yopatsidwa kwa buku lopambana la nkhani zopeka za sayansi. Aphunzitsi dziwani kuti ili ndi buku la akulu, si la ana a pulayimale. Liwerengeni inu, ana muwauze cabe kuti lilipo, ndi kuti analilemba ndi mwana wa mu Lusaka.

Nkhani zimene zodabwitsa zake zicitikira pakati pa mabasi, misika ndi makomboni, m'Cingerezi amazicha urban fantasy, ndiko kuti nthano za m'mzinda. Kawirikawiri zimabwera m'mabuku otsatizana, ngwazi yomweyo nibweranso m'buku laciwiri ndi lacitatu, monga Kalulu ankabwerera usiku ndi usiku osatha. Kwa nthawi yaitali mizinda ya m'mabuku otere inali London, New York ndi Chicago. Koma mu 2010 Lauren Beukes analemba Zoo City, mmene munthu wolakwa kwambiri mu Johannesburg amapatsidwa nyama yoti aziyenda nayo kulikonse. Mu 2011 Nnedi Okorafor analemba Akata Witch, la mtsikana wacialubino wa ku Nigeria amene azindikira kuti ali ndi mphamvu zobisika, ndipo mabuku ena anatsatapo. Ku Malawi, Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, loyang'ana Afirika wa zaka 500 zikubwerazo.

Kwa ana a pulayimale, cofunika kwambiri cinacitika mu Julaye 2023, pamene Netflix inayamba kuonetsa katuni yochedwa Supa Team 4. Anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema, mai wa ku Zambia, amene ananena kuti ali mwana ankaonera makatuni ambiri koma osaonamo ngwazi yofanana naye. Mu 2015 nkhani yake inasankhidwa pa mpikisano wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, ndipo panapita zaka 8 isanafike pa kanema. Amene aganiza kuti kupeka nkhani ndi nchito ya aulesi awerenge zaka zimenezo. Nkhani yake ndi ya atsikana anai a sukulu mu Lusaka wa m'tsogolo, amene mai wina wacikulire, Mama K, awasonkhanitsa mobisa kuti ateteze mzinda. Zobvala zao ndi zida zao n'zopeka, koma cimodzi mwa zobvuta zimene alimbana nazo mwana aliyense wa kuno acidziwa: kuzima kwa magetsi. Ndi njira yomwe ija ya nthano ya citsime. Madandaulo ngenieni, wolakwa ngwopeka, ndipo palibe mnansi amene aponyedwa miyala.

Inu a ku Kanakantapa muli pa malo abwino omvera mbiri imeneyi, pakuti mudzi wanu unayenda ulendo womwewu cobwerera. Makolo a kale anacoka kumudzi kupita m'tauni. Koma mu 1988 boma linatsegula malo a Kanakantapa kuti acinyamata osowa nchito m'matauni abwerere ku khasu, ndipo dziko la Japan linathandizapo. Anakhazikika pa dziko la Asoli, m'dera la Mfumu Yaikulu Nkomeshya, atabwera ndi zilankhulo zao zosiyanasiyana. Motero m'kalasi imodzi mungapezeke mwana wa nthano za Cisoli, wina wa Cinyanja, wina wa Citonga, wina amene kwao nthano iyamba ndi "Patile akantu" m'Cibemba. Ndeke za pa bwalo la Kenneth Kaunda, limene liri m'boma lanu lomweli, muziona ndi maso. Ndipo akulu anu anaona kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene masana kunada kwa mphindi ngati zitatu, nkhuku nizifuna kulowa m'khola. Zipangizo za nthano muli nazo zokwanira.

Aphunzitsi a Giredi 5 mpaka 7, nayi nchito ya sabata ino. Mwana aliyense akafunse kwao mau oyambira ndi otsekera nthano m'cilankhulo ca makolo ake, ndipo muwalembe onse pa bolodi, aliyense ndi dzina la cilankhulo cake. Kenaka ana alembe nthano yao ya tsamba limodzi: Kalulu pa msika wa Chongwe, kapena Kanakantapa mu 2064, dziko litakwanitsa zaka 100 za ufulu. Malamulo akhale awiri okha: nthano iyambe ndi khomo lake, ndipo musalowe dzina la munthu weniweni wa m'mudzi. Tsiku lina muwawerengere uthenga umodzi woopseza mwa aja oyenda pa foni, mutacotsamo maina, muwafunse kuti khomo lake liri kuti, anaona ndani, anaonera kuti, ndipo tsiku liti. Nthano zimene ana alemba musazitaye pamodzi ndi mapepala a mayeso. Zisokereni m'buku limodzi la cikuto colimba, palembedwe dzina la sukulu ndi caka, ndipo a Giredi 7 aziwerengera a Giredi 1 Lacisanu lirilonse asanaweruke. Ambuya akadandaula kuti nthano masana n'zoletsedwa, muwaitane adzakambe yao.